Nyumba ya Cleopatra idamira koma ili m'gemu, nanga mbiri ya pa Fort Lister adzaijambule ndani?

Mnyamata wa ku Ndirande kapena ku Kawale amene wapeza mwayi wa PlayStation, kaya ya mnzake kaya ya m'kashopu kolipiritsa, atha kulowa m'nyumba yachifumu ya ku Alexandria, m'dziko la Egypt, popanda pasipoti kapena tikiti ya ndege. Atha kukwera makwerero a miyala yosalala, kudutsa pakati pa nsanamira zitalizitali, kuzemba alonda onyamula mikondo, mpaka kukaima m'chipinda momwe mfumukazi Cleopatra adakumana ndi Julius Caesar, mkulu wa asilikali a Roma, m'chaka cha 48 Khristu asadabadwe. Zonsezi zili mu gemu yotchedwa Assassin's Creed Origins, imene kampani ya Ubisoft idatulutsa mu October 2017 ndipo idagulitsa makope oposa 10 miliyoni.

Chodabwitsa n'chakuti nyumbayo kulibe. Zivomerezi ndi kusefukira kwa nyanja zidamiza mbali yaikulu ya dera la mafumu mumzindawo zaka mazana ambiri zapitazo, ndipo zotsalira zake zili pansi pa madzi a padoko. Munthu wopita ku Alexandria lero sangaione, pomwe wokhala pa mpando ku Blantyre akuyendamo chipinda ndi chipinda.

Ku Phalombe zinthu zili mosemphana. Pa mpata wolekanitsa phiri la Mulanje ndi la Michesi, cha m'mbali mwa msewu wochoka pa boma kulowera ku Nkhulambe, pali mabwinja a linga la Fort Lister. Malowa sadamire. Munthu wonyamuka ku Limbe m'mawa amakafikako dzuwa lisadalowe, n'kukhudza ndi dzanja lake zotsalira za makoma. Koma n'zokayikitsa ngati ambiri mwa achinyamata a m'tauni, amene amadziwa makona onse a nyumba ya Cleopatra, angaloze pa mapu pomwe pali lingali.

Zinthu ziwiri zimene zidachitika mu 2025 zachititsa kuti nkhaniyi ifunike kuunikidwa mofatsa. Mu July, pamsonkhano wake ku Paris, bungwe la Unesco lidaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika kwa anthu a dziko lonse lapansi. Awa ndi malo achitatu a m'dziko muno kulandira ulemu wotere, kutsatira paki ya Lake Malawi mu 1984 ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni mu 2006. Pa 1 November, dziko la Egypt lidatsegula nyumba yaikulu yosungiramo zinthu zamakedzana pafupi ndi mapiramidi a ku Giza, imene idadya ndalama zoposa 1 biliyoni ya madola a ku America. Maiko awiriwa akufuna chinthu chimodzi, chomwe ndi chakuti mbiri yawo idziwike ndi kubweretsa alendo. Kusiyana kwake n'kwakuti ya Egypt idalowa kale m'manja mwa ana a dziko lonse kudzera m'magemu, pomwe ya kuno ikudikirabe woijambula.

Momwe nyumba yomira idaimikidwiranso

Opanga gemu ija sadangolota nyumbayo. Adali ndi poyambira. Strabo, mlembi wa Chigiriki amene adakhalako ku Alexandria patangopita zaka zochepa Cleopatra atamwalira, adalemba kuti nyumba za mafumu zidatenga gawo limodzi mwa magawo anayi, kapenanso atatu, a mzinda wonse. M'zaka za m'ma 1990, gulu lotsogoleredwa ndi Franck Goddio wa ku France lidamira pansi pa doko, n'kuyeza ndi kujambula nsanamira, ziboliboli ndi misewu ya miyala imene lidapeza kumeneko. Kuwonjezera apo, kampaniyo idagwira ntchito ndi akatswiri a mbiri yakale, komanso idagwiritsa ntchito zojambula za Jean-Claude Golvin, katswiri amene wathera moyo wake akujambula mizinda yamakedzana potsatira umboni wofukulidwa pansi.

Pomwe umboni udathera, amisiri a gemu adadzazapo ndi maganizo awo. Apa ndi pomwe pali phunziro loyamba. Plutarch, amene adalemba nkhaniyi patapita zaka zoposa 100, adafotokoza kuti Cleopatra adalowetsedwa mozemba m'nyumbamo atabisidwa m'thumba losungira zofunda. Mu gemu, monganso m'mafilimu ambiri, amalowa atakulungidwa m'kapeti, chifukwa ndi momwe anthu adazolowera kuimvera nkhaniyo. Mu February 2018 kampaniyo idatulutsa gawo lina lotchedwa Discovery Tour, lopanda nkhondo, lokhala ndi maulendo 75 ophunzitsa mbiri. M'gawo limeneli idavomereza poyera kuti idaika anyamata ndi atsikana m'kalasi imodzi ngakhale kuti kalelo sizinkatero, ndipo ziboliboli zosavala idaziphimba ndi zigoba za nkhono zam'nyanja poganizira ana a sukulu.

Zosankha zoterezi zilibe mlandu waukulu pazokha. Chofunika kudziwa n'chakuti zidapangidwa ku Montreal, m'dziko la Canada, ndi kampani ya ku France, poganizira ogula a ku Ulaya ndi ku America. Mwana amene wayenda m'nyumbamo kwa maola 40 sakumbukira pomwe umboni udathera ndi pomwe maganizo a mmisiri adayambira. Kwa iye nyumba ya Cleopatra ndi imene adaiona ija. Wojambula malo akale ndiye amalamula momwe malowo adzakumbukidwire, ndipo mphamvu imeneyi masiku ano ili ndi makampani a magemu, amene onse pamodzi amapeza ndalama zoposa 180 biliyoni za madola pachaka kuchokera kwa osewera oposa 3 biliyoni.

Zimene mpata wa Fort Lister udaona

Mpata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi udali khomo. Aliyense wochoka ku chigwa cha Phalombe ndi madera ozungulira nyanja ya Chilwa, wofuna kutsikira ku nyanja yamchere, ankafupikitsa ulendo podutsa pamenepa. M'zaka za m'ma 1800, pomwe malonda a minyanga ya njovu ndi akapolo adakula, magulu a anthu omangidwa m'magoli ankadutsitsidwa njira imeneyi kulowera ku Quelimane, m'dziko la Mozambique. Mafumu a Chiyao monga Matipwiri ndi Mkanda, amene adakhazikika m'mbali mwa phirili, ndiwo adali ndi mphamvu pa njirazi, ndipo ambiri mwa ogwidwawo adali Amang'anja amene adawapeza m'deralo.

Dziko lino litakhala pansi pa ulamuliro wa Britain mu 1891, kazembe Harry Johnston adaganiza zotseka makomo onse a malondawa ndi mfuti. Mu 1893 boma lake lidamanga Fort Lister pa mpatawu ndi Fort Anderson kutsidya lina la phiri. Dzina la Lister lidachokera kwa Sir Villiers Lister, mkulu wina wa ofesi yoona za maiko akunja ku London. Ena mwa asilikali amene ankadalirika pa nkhondozi adali Amwenye a mtundu wa Sikh ochokera ku India. Mu 1895 Matipwiri adagonjetsedwa, chaka chomwecho chimene Mlozi adanyongedwa ku Karonga. Patapita zaka pafupifupi khumi lingalo lidatha ntchito, ndipo lidasiyidwa kwa chiswe, mvula ndi mizu ya mitengo.

Dzina limene alendo ambiri amachoka nalo pamalopa ndi la Gilbert Stevenson, mzungu wa boma amene adamwalira mu 1896 ndipo manda ake ali pomwepo. Amatchuka chifukwa adali mbale wa Robert Louis Stevenson, wolemba mabuku wa ku Scotland. Anthu zikwizikwi amene adadutsa pa mpatawu atamangidwa sadasiye dzina pa mwala uliwonse. Amayi amene adathawira m'mapanga a phiri ndi ana kumbuyo sadamange khoma. Onyamula katundu amene adasenza miyala ndi mitengo yomangira lingalo sadalembedwe pa chipilala.

Apa ndi pomwe chitsanzo cha Egypt chingasocheretse. Gemu imakonda nyumba zachifumu chifukwa zili ndi makoma okwera, zipinda zobisalamo ndi alonda ozembedwa. Kampani yakunja itafuna kupanga gemu ya m'dera lino, chinthu choyamba kuchiona chingakhale linga, chifukwa ndicho chili ndi mapulani ndi makalata m'nyumba zosungira zolembedwa ku Zomba ndi ku London. Wosewera angakhale msilikali wa Johnston, ndipo anthu a ku Phalombe angakhale ongodutsa kumbuyo, ena opulumutsidwa, ena owomberedwa. Akale adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Mbiri yotumira mnzako kuti akakufotokozere imabwera itasintha mwini.

Chikhalirenicho mbiri ya lingali ili ndi nkhope ziwiri. N'zoona kuti lidathandiza kuthetsa malonda oipa a anthu. N'zoonanso kuti mfuti zomwezo ndizo zidakhazikitsa msonkho wa nyumba ndi kuteteza minda ikuluikulu imene azungu adatenga ku Mulanje ndi ku Thyolo. Alhomwe amene adawoloka malire kuchokera ku Mozambique kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, pothawa nkhanza ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, ambiri adakagwera m'thangata pa minda imeneyi. Zidzukulu zawo ndizo zachuluka ku Phalombe lero. Gemu yonena mbali imodzi yokha ya nkhaniyi ingakhale yokongola m'maso, koma chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere.

Ufumu wopanda nsanamira za miyala

Ena angati Malawi alibe chomufanizira ndi Egypt chifukwa mafumu a kuno sadamange ndi miyala. Mawu amenewa amasokoneza kukula kwa ufumu ndi kulimba kwa zomangira. Likulu la Kalonga, mfumu ya Amaravi, lidali ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza. Nyumba zake zidali za mitengo, dothi ndi udzu, ndipo zidatha. Koma Yusuf Juwayeyi, katswiri wa m'dziko muno wofukula zamakedzana, atakumba pamalopo adapeza mikanda yagalasi, zinthu zamkuwa, zosema za minyanga ya njovu ndi mapale a mbale zochokera ku China, umboni woti likululo linkachita malonda ndi maiko akutali. Zomwe adapezazo adazifotokoza m'buku limene lidatuluka mu 2020. Poyambira wojambula alipo, monga momwe Strabo ndi Goddio adaliri poyambira pa nyumba ya ku Alexandria.

Ku Phalombe chuma chachikulu chili m'phiri, m'njira ndi m'kamwa mwa anthu. Unesco sidalemekeze Mulanje chifukwa cha kutalika kwa Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002, kapena chifukwa cha mkungudza wokha. Idalemekeza phirili ngati malo opatulika a Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe, momwe mumakhala mizimu ya makolo ndiponso momwe anthu amathira nsembe. Okhala m'mphepete mwa phiri amafotokoza za chakudya chimene munthu amachipeza chitakonzedwa m'nkhalango, chimene ayenera kudya osaitana mnzake. Amafotokoza za Napolo, njoka ya pansi pa phiri imene ikasamuka imagumula nthaka ndi kukokolola midzi. Gule wa Tchopa, amene Alhomwe amavina pothira nsembe ndi pokondwerera zokolola, adalowa pa mndandanda wa Unesco wa miyambo yofunika kusungidwa mu 2014.

Wopanga gemu aliyense wodziwa ntchito yake angaone kuti apa pali dziko lathunthu, lokhala ndi malamulo ake, zoopsa zake ndi njira zake. Mtsikana wothawa gulu la ogula anthu, amene ayenera kusankha pakati pa kukwera phiri la mizimu ndi kutsata mtsinje wa Phalombe mpaka ku madambo a Chilwa, ali ndi nkhani yosachepera ya msilikali aliyense wa ku Alexandria. Funso ndi lakuti adzailemba ndani, m'chinenero chanji, ndipo phindu lake lidzapita kuti.

Zimene ena adachita bwino ndi zimene adalakwitsa

Zitsanzo zilipo mbali zonse ziwiri. Mu 2015 kampani ina ya ku Denmark idadzudzulidwa kwambiri chifukwa cha gemu yake yophunzitsa ana yotchedwa Playing History 2: Slave Trade, momwe mudali gawo lakuti wosewera azilongedza akapolo m'sitima ngati njerwa kuti akwane ambiri. Gawolo lidachotsedwa anthu atakwiya. Opangawo ankati cholinga chawo chidali kuphunzitsa, koma adaiwala kuti olongedzedwawo ali ndi zidzukulu zamoyo. Ku Phalombe, komwe zidzukulu za ogwidwa ndi za ogwira zimagula pa msika umodzi pa Migowi ndipo zidakwatirana kalekale, kulakwitsa kotere kungadzutse mabala amene adapola.

Chitsanzo chabwino chidachokera ku Alaska. Mu 2014 bungwe la anthu a mitundu yoyambirira ya kumeneko, Cook Inlet Tribal Council, lidaika ndalama zake pa gemu yotchedwa Never Alone, yochokera pa nthano ya anthu a mtundu wa Iñupiat. Akuluakulu ndi osimba nthano pafupifupi 40 adatenga nawo mbali, nthanoyo imasimbidwa m'chinenero chawo, ndipo chilolezo chidapemphedwa ku banja la amene ankaisimba. Gemuyo idapata mphotho ya Bafta ku Britain chaka chotsatira. Anthu ochepa, okhala kutali ndi mizinda ikuluikulu, adakhala eni a nkhani yawo chifukwa adalowa m'ntchitoyo isadayambe.

Mu Africa momwe muno, kampani ya Kiro'o Games ya ku Cameroon idatulutsa gemu ya Aurion mu 2016 ikulimbana ndi kuthimathima kwa magetsi ngati kwa kuno. Ndipo Abubakar Salim, amene mawu ake ndiwo amamveka mwa Bayek, ngwazi ya gemu ya ku Egypt ija, ndi mwana wa makolo ochokera ku Kenya. Atatha kusewera nkhani yolembedwa ndi ena, adayambitsa kampani yake, ndipo mu April 2024 adatulutsa Tales of Kenzera: Zau, gemu yochokera pa zikhulupiriro za anthu a zinenero za Chibantu, imene munthu atha kuimvera m'Chiswahili. Adaipanga pokumbukira malemu bambo ake. Komabe patangopita miyezi yochepa kampani yakeyo idachotsa ena mwa antchito. Ntchito imeneyi ndi yolemera ngakhale kwa amene ali ku Britain, ndipo wouza achinyamata a kuno kuti magemu ndi njira yachidule ya chuma akuwanamiza.

Kodi boma losowa chakudya liganize za magemu?

Funsoli ndi lomveka ndipo siliyenera kuzembedwa. Boma la Phalombe, limene lidapatulidwa ku Mulanje mu 1998, lili ndi anthu oposa 400,000 malinga ndi kalembera wa 2018, ndipo ambiri ndi alimi a chimanga, nandolo, mpunga, mpendadzuwa ndi fodya. Kalembera yemweyo adapeza kuti m'dziko lonse mabanja 11 okha pa 100 alionse ndiwo ankaunikira magetsi. Kumudzi chiwerengerocho n'chotsika kwambiri. Mayi wa kwa Nazombe kapena kwa Chiwalo amene akusaka thumba la feteleza sangaike gemu pa mndandanda wa zosowa zake, ndipo palibe angamudzudzule.

Koma ntchito yoyamba si kupanga gemu ya mabiliyoni. Ntchito yoyamba ndi kuyeza ndi kulemba zimene zilipo zisadathe, ndipo mtengo wake ndi wochepa. Tchalitchi cha Notre-Dame ku Paris chitapsa mu April 2019, anthu ambiri adaganiza kuti gemu ina ya Ubisoft, momwe tchalitchicho chidajambulidwa, ndiyo idzathandize pochimanganso. Chimene chidathandiza kwenikweni ndi miyezo yeniyeni, monga imene katswiri Andrew Tallon adatenga ndi makina a kuwala zaka zingapo moto usadabuke. Tchalitchicho chidatsegulidwanso mu December 2024. Gemu idachititsa anthu kuchikonda, koma miyezo ndiyo idasunga maonekedwe ake.

Phalombe ikudziwa bwino kuposa boma lina lililonse kuti chinthu chitha kukhalapo madzulo n'kusowa m'mawa. Mu March 1991 madzi ndi miyala zochokera m'phiri la Michesi zidapha anthu mazanamazana. Mu March 2023 namondwe wa Freddy, amene adapha kapena kusowetsa anthu oposa 1,000 m'dziko muno, adakwirira midzi ndi kuwononga chipatala kwa Nkhulambe, dera limene msewu wodutsa pa Fort Lister umalowera. Mabwinja a linga ali pakati pa mapiri awiri amene onse adagumukapo. Pamodzi ndi makoma, tsoka lotere limatenganso nkhalamba zimene zidamva kwa agogo awo momwe anthu ankabisalira. Nyumba ya Cleopatra idamira Strabo atalemba kale za iyo. Nkhani za pa mpatawu zikamira zisadalembedwe, palibe katswiri wodzazivuula.

Zida zili pafupi

Zofunika pa ntchitoyi zili m'dziko momwe muno. Sukulu ya African Drone and Data Academy, imene idatsegulidwa mu January 2020 mothandizidwa ndi Unicef, yakhala ikuphunzitsa achinyamata kuulutsa ndege zing'onozing'ono zopanda munthu ndi kupanga mapu kuchokera pa zithunzi zake. Luso lomwelo, limene limagwira ntchito poona madera osefukira madzi, lingajambule linga lonse ndi mpata wake m'masiku ochepa. Yunivesite ya MUST ku Thyolo, boma loyandikana ndi Mulanje, ili ndi sukulu ya chikhalidwe ya Bingu School of Culture and Heritage pamodzi ndi maphunziro a kompyuta pa malo amodzi. Ku South Africa, gulu la Zamani la pa yunivesite ya Cape Town lakhala likuyeza malo amakedzana monga Great Zimbabwe, Kilwa ndi Lalibela kwa zaka pafupifupi 20, ndipo ndi mnansi woyenera kufunsidwa nzeru.

Malamulo nawo alipo. Lamulo loteteza zipilala ndi zinthu zamakedzana la 1990 limaika malo ngati Fort Lister m'manja mwa boma, ndipo kuyambira mu 2011 njira za akapolo za m'dziko muno, kuphatikizapo ya ku Phalombe, zili pa mndandanda wa malo amene Malawi akufuna kudzapereka ku Unesco. Lamulo la umwini wa ntchito zaluso la 2016 limati nthano, nyimbo ndi magule a makolo ndi chuma chimene boma limasunga m'malo mwa Amalawi onse, ndipo wofuna kupangira malonda ayenera kupempha chilolezo. Chimene chikufunika kulongosoledwa bwino ndi gawo la anthu a m'mudzi momwe nthanoyo yachokera. Chilolezo chosainidwa ku Lilongwe sichikwanira ngati mfumu ndi osunga miyambo a m'mphepete mwa phiri sadafunsidwe.

Mbali imeneyi ndi yofunika kwambiri pa zinthu zopatulika. Farao alibenso omupembedza, n'chifukwa chake wosewera atha kuthyola manda ake mu gemu popanda wodandaula. Mizimu ya m'phiri la Mulanje ili ndi anthu amene amaiopa ndi kuithirira nsembe mpaka lero. Pali malo osayenera kujambulidwa ndi mawu osayenera kumvedwa ndi aliyense. Odziwa malire amenewa ndi mafumu monga Mkhumba, Nazombe, Nkhulambe, Kaduya, Jenala ndi Chiwalo, pamodzi ndi akuluakulu a mabungwe a chikhalidwe monga Mulhako wa Alhomwe ndi anzawo a Chiyao ndi a Chimang'anja. Malirewo akalembedwa lero, mlendo wa mawa adzawapeza. Akapanda kulembedwa, adzadziikira yekha.

Kukula kwa chinthu choyamba kupangidwa kuyeneranso kufanana ndi thumba la eni ake. Mwana wa ku Phalombe sadzagula PlayStation posachedwapa, koma foni ya m'manja yafika m'midzi yambiri. Ulendo wa mphindi 20 wa pafoni, wosafuna intaneti ukangotsitsidwa, wolankhula Chichewa, Chilhomwe ndi Chiyao, woonetsa mpatawu momwe udaliri mu 1890 ndi mu 1895, ndi ntchito imene ophunzira a chaka chomaliza pa yunivesite angaikwanitse mothandizidwa ndi nthambi ya boma yoona za nyumba zosungira zamakedzana. Mphunzitsi wa mbiri ku sekondale angaugwiritse ntchito m'kalasi. Wotsogolera alendo pa phiri angauonetse mlendo asadayambe kukwera. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo makampani akuluakulu a lero adayamba ndi timagemu tating'ono.

Miyala ituluke, nkhani itsale?

Pali chinthu chimodzi chimene chikulumikiza kale Phalombe ndi makina osewerera magemu. Pa phiri la Songwe m'bomali pali miyala ya mtengo wapatali ya mtundu wa rare earth, ndipo mu July 2024 boma lidasainirana mgwirizano wa migodi ndi kampani ya Mkango Resources. Zina mwa zimene zimachokera m'miyalayi, monga neodymium, zimapangira maginito amphamvu amene amapezeka m'magalimoto amagetsi, m'mafoni, m'zomvera m'makutu ndi m'makompyuta. Mgodiwo ukadzayamba, n'kutheka kuti kachidutswa ka nthaka ya Phalombe kadzakhala m'kati mwa makina amene mwana wa ku Tokyo kapena ku Toronto adzayendera m'nyumba ya Cleopatra.

Zaka zoposa 130 zapitazo m'derali munkatuluka minyanga ndi anthu. Kenako munkatuluka mphamvu za ogwira thangata. Posachedwapa mutha kumatuluka miyala. Nthawi zonsezi chotuluka chinkakapindulitsidwa kwina. Nkhani za mpata wa Fort Lister ndi za phiri la Mulanje ndi chuma chokhacho chimene chingafike kwa anthu mamiliyoni koma osachoka m'manja mwa eni ake, malinga eni akewo ayambe ndiwo kuzilemba. Ulemu wa Unesco wa 2025 waika phirili pa mapu amene makampani a mafilimu ndi magemu amayang'ana akamasaka malo atsopano. Khonsolo ya Phalombe, nthambi yoona za zamakedzana, mayunivesite ndi mafumu ali ndi nthawi yochepa yoti atumize achinyamata ndi makina ojambulira mawu kwa nkhalamba za kwa Nkhulambe, ndi oyeza malo pa mabwinja a linga, dzinja lina lisadabwere.